Tsitsi la Mefiboseti

Kuwerenga: 2 Samueli 19:24-30 ndi Levitiko 14:1-9

Lero ndifuna tikambe za tsitsi. Ena mudabwa, popeza timazolowera kumva za tsitsi paguwa pokhapokha pamene wina akudzudzula mawigi. Koma Buku Lopatulika limakamba za tsitsi kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri limakamba za chisoni ndi za kutha kwa chisoni.

Tikumbukire chaka cha 2020. Pa 18 Marichi anthu oyamba kupezeka ndi korona kuno ku Zambia analengezedwa, ndipo pa 20 Marichi masukulu onse anatsekedwa. Malo omwera mowa anatsekedwa, misonkhano inachepetsedwa kuti isapitirire anthu 50. Dziko lathu silinatsekere anthu m'nyumba monga anachitira ku South Africa, chifukwa munthu wa mu Kanyama kapena mu George amadya zimene wapeza tsiku lomwelo. Pa 24 Epulo Pulezidenti Edgar Lungu ananena kuti masaluni ndi malo ometera agwire ntchito motsata malamulo a zaumoyo. Komabe mantha anatseka zitseko zimene boma silinatseke. Kuluka tsitsi kulibe mita imodzi. Wokuluka amaima pamsana pako, mpweya wake uli pakhosi pako, kwa maola atatu kapena anayi. Ambiri tinangomanga duku n'kukhala.

Pamene ana olemba mayeso anabwerera kusukulu pa 1 Juni, ife aphunzitsi tinaona mitu imene sitinaionepo. Anyamata tsitsi lili ngati thengo, atsikana mukule wa miyezi iwiri utasanduka chisa cha mbalame. Mwambo wa sukulu umati mwana wotere abwezedwe kunyumba. Koma mwana wina ukamufunsa ankangoti, "Madamu, atate anawachotsa ntchito." Tsitsilo linali kalata yochokera kunyumba, ndipo mphunzitsi wanzeru ankaiwerenga asanakalipe.

Ndi mmene zinalili ndi Mefiboseti, mwana wa Yonatani, wolumala miyendo yonse iwiri, amene ankadya pagome la mfumu Davide. Abisalomu ataukira atate ake, Davide anathawa mu Yerusalemu. Mefiboseti anatsala. Wantchito wake Ziba anatenga abulu ndi chakudya, nakakumana ndi mfumu panjira, namunamizira mbuye wake kuti watsalira dala poyembekeza kulanda ufumu. Davide anakhulupirira bodzalo, napereka chuma chonse cha Mefiboseti kwa Ziba. Munthu wolumala sakanatha kuthamangira mfumu kukadziteteza. Chimene anatha kuchita anachita: kuyambira tsiku limene mfumu inachoka kufikira tsiku limene inabwerera, sanasamale mapazi ake, sanamete ndevu, sanachape zovala.

Taonani chinthu ichi, amayi. Mfumu itabwerera, mboni ya Mefiboseti inali thupi lake. Munthu woyembekeza kukhala mfumu mawa amadzikonza. Iye anaoneka ngati wofedwa, chifukwa mumtima anali wofedwa. Kusameta kwake sikunali uve kapena ulesi, kunali kukhulupirika. Nanga ife timawerenga bwanji mitu ya anzathu? Mayi akalowa m'tchalitchi duku lili lokwinya, tsitsi likutuluka m'mbali, timagwirana zigongono. Timafanana ndi Ziba, amene anafotokoza za mnzake mnzakeyo kulibe.

Koma chisoni cha Mefiboseti chinali ndi malire. Chinatha tsiku limene mfumu inabwera mumtendere. Ndipo apa ndi pamene mtima wanga ukulemera, chifukwa pakati pathu pali amayi amene tsiku lawo lometa silinafikebe.

Miyezi ya Juni ndi Julayi 2021 sitidzaiiwala. Odwala anadzaza ku chipatala cha Levy Mwanawasa ndi ku UTH, ndipo magalimoto opita ku Chingwere ndi ku Leopards Hill sankatha. Maliro ankachitika mothamanga. Panalibe kugona pasiwa usiku wonse, panalibe amayi a Chigwirizano odzaza nyumba ndi nyimbo, panalibe wokumbatira wamasiye. Kumudzi kwathu ku Katete ndi ku Chipata makolo ankameta maliro: patapita masiku ochepa ataika mtembo abale ankametana, ndipo patapita miyezi ankametanso kachiwiri, maliro n'kutha. Sindikunena kuti tibwerere ku miyambo yochotsera mizimu. Deuteronomo 14 amatiletsa kudzimeta chifukwa cha akufa, ndipo amene anafa mwa Khristu safunika kuperekezedwa ndi lumo. Koma makolo ankadziwa chinthu chimodzi choona. Wofedwa sadzimeta yekha. Pamafunika dzanja la munthu wina pamutu pake, lomuuza kuti tsopano bwerera pakati pa anthu.

Amasiye a korona dzanja limenelo sanalilandire. Zaka zapita, zophimba kukamwa tinataya kalekale, masaluni a ku Chawama ndi ku Mtendere adzaza, koma tawerengani m'buku la Chigwirizano cha pampingo wanu mayina amene analipo mu 2019. Ena anamwalira, ena anasamuka. Koma ena alipo, nyumba yachitatu kuchokera pampope, ndipo timangoti, "Aja anafooka." Kodi anafooka, kapena akudikira?

Levitiko 14 akutiphunzitsa mmene Mulungu anakonzera kubwerera kwa munthu amene anapatulidwa chifukwa cha khate. Choyamba, wansembe ndiye ankatuluka kunja kwa msasa kukamuona. Wodwalayo sankayenera kubwera kudzagogoda. Kenaka ankachapa zovala, kumeta tsitsi lonse ndi kusamba, nalowa mumsasa, koma n'kukhala kunja kwa hema wake masiku 7. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ankametanso, mpaka nsidze zomwe. Mulungu sanamufulumize. Ife timafuna mayi amene wakhala m'nyumba zaka zinayi abwere sabata yomweyo atavala yunifolomu, aimbe ndi kuvina. Ayi. Pali masiku okhala pakhomo la hema.

Yesu Khristu, Mkulu wa Ansembe wathu, anatuluka kunja kwa chipata cha mzinda kukatifera, monga Ahebri 13 akunenera. Wakhate uja wa pa Marko 1 anamukhudza ndi dzanja, ngakhale akanatha kumuchiritsa ndi mawu okha. Ndipo pa Luka 12 anatiuza kuti Atate anawerenga tsitsi la pamutu pathu, ngakhale lija limene linathothoka ndi nkhawa.

Ndisaiwale ana athu oluka tsitsi. Ambiri ndi atsikana amene sukulu inawathera panjira, ndipo mu 2020 anagona ndi njala pamene ife olandira malipiro tinkaopa kupita kwa iwo. Ena a ife tinalukitsa pangongole, "ndidzakupatsa kumapeto a mwezi," ndipo mwezi umenewo sunathebe. Yakobo 5 akunena kuti malipiro obisidwa a wantchito amalira kufikira m'makutu a Ambuye. Ngati muli ndi ngongole yotere, kaibwezeni musanadzabwere ku Mgonero wotsatira.

Tsono ndikupempha atsogoleri a Chigwirizano m'dera lililonse, ku Matero, ku Kalingalinga, ku Kanyama ndi konse kumene magazini ino ifika. Tsegulani buku la mayina mwezi uno. Pitani awiriawiri, osati gulu lonse, chifukwa gulu limachititsa manyazi munthu amene alibe shuga wa tiyi. Musapite ndi funso lakuti chifukwa chiyani anasiya kubwera. Tengani chipeso, sopo ndi mafuta a m'mutu, ndipo ngati pakati panu palibe wodziwa kuluka, tengani mtsikana wa pasaluni mumulipire kuchokera m'thumba la Chigwirizano. Akakana tsiku loyamba, khalani naye pamkeka, mupemphere, mudzabwerenso sabata yamawa.