Kodi wophikira makala wachimwa?

Akhristu anzanga, funso ili likukhudza pafupifupi banja lililonse m'parishi muno. Ambiri tili ndi magetsi m'nyumba, koma nsima timaphikabe pambaula. Tikudziwa kuti thumba lililonse la makala lolowa m'tauni ndi mitengo imene yagwa kwinakwake. Nanga chikumbumtima chathu chiweruze bwanji?

Tiyambe ndi kuona mmene zinthu zimakokerana. Magetsi ambiri m'dziko muno amapangidwa pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mitengo ikatha m'mapiri, mvula imakokolola nthaka, matope n'kudzaza m'madamu, makina n'kufooka. Magetsi akathima timathamangira makala, mitengo ina n'kugwanso. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, n'kukwirira abale athu ku Chilobwe. Choncho nkhani ya makala ndi nkhani ya moyo wa anthu.

Mpingo umaphunzitsa kuti kukula kwa mlandu wa munthu kumatengera zimene akudziwa komanso ufulu umene ali nawo posankha. Mayi wamasiye wogula makala a m'kajumbo kuti ana asagone ndi njala alibe kwina kolowera. Bambo wootcha makala chifukwa chimanga chidapsa ndi dzuwa nayenso wapanikizika. Awa sitingawasenzetse katundu wofanana ndi wa munthu wamalipiro abwino, amene angathe kugula gasi kapena mayunitsi okwanira, koma amakonda makala poti ndi otsikirapo mtengo. Wopatsidwa mpata waukulu ali ndi udindo waukulu.

Muyeso womwewu ndi umene mayiko osauka amapita nawo ku misonkhano ya zanyengo. Mayiko olemera adatukuka potentha malasha ndi mafuta kwa zaka zoposa 100, pomwe utsi wa Malawi ndi wochepa kwambiri. Koma namondwe amafikira ife. Ku Copenhagen mu 2009 adalonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, ndipo adachedwa kukwaniritsa. Ku Sharm el-Sheikh mu 2022 adavomera kukhazikitsa thumba lothandizira mayiko oonongekeredwa. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adanena poyera kuti mayiko olemera ali ndi ngongole ya zachilengedwe kwa osauka. Ngongole si mphatso: imabwezedwa.

Koma apa mpamene pali povuta. Ngati muyesowu ndi wolungama ku Copenhagen, ndi wolungamanso kukhitchini kwathu. Pamaso pa wootcha makala wa ku Neno kapena m'mbali mwa nkhalango ya Dzalanyama, olemera ndife a m'tauni. Iye ndi amene amapuma utsi, amakankha njinga usiku wonse, amalandidwa katundu pamsewu, ndipo munda wokokoloka ndi wake. Ife timangopsetsa ndiwo, kenaka n'kumamunena kuti akutha mitengo. Sitingadzudzule azungu pa khalidwe limene ifenso tikuchitira abale athu.

Mtengo wa magetsi nawonso uyesedwe chimodzimodzi. N'zoona kuti mawaya, mapolo ndi makina zimafuna ndalama, ndipo magetsi aulere kulibe. Komabe a MERA akamaunika pempho lokweza mtengo, ife Akhristu tizifunsa kuti: katunduyu agwera yani? Chilungamo chimafuna kuti mayunitsi oyambirira, ounikira ndi ophikira banja losauka, akhale otsika mtengo, ndipo ogwiritsa ntchito ambiri alipire zochuluka. Mtengo wothamangitsira osauka ku mbaula umabwezanso matope ku Nkula.

Tsono yankho ndi ili: wophikira makala chifukwa chosowa pogwira sadachimwe, ndipo tisamuloze chala. Koma amene ali ndi njira ina adzifunse moona pamaso pa Mulungu. Sabata ino, m'miphakati yathu, tikambirane zinthu zotheka: kugula mbaula zosatha makala, kuviika nyemba tisanaphike, kusonkherana kuti mabanja agule masilinda a gasi mosinthana, kudzala ndi kusamala mitengo mvula ikayamba. Dziko lino Mulungu adangotisungitsa, ndipo tsiku lina adzafunsa aliyense molingana ndi zimene adamupatsa.