Nkhuyu za Hezekiya



Tsegulani 2 Mafumu 20. Mfumu Hezekiya itadwala mwakayakaya, inalirira Mulungu, ndipo Mulungu anaiwonjezera zaka 15. Koma taonani: mneneri Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pa chithupsa chija. Pemphero linayankhidwa, mankhwala anapakidwanso.

Tikukumbukira tonse June ndi July 2021: maliro tsiku ndi tsiku, zipatala zodzaza. Katemera wa COVID-19 anali atangofika muno mu Zambia mu April. Kuchokera nthawi ija zaoneka poyera: wobayitsa katemera atha kudwala ndithu, koma thupi lake limakhala litamudziwa kale mdaniyo, ndiye ambiri safika pogonekedwa kapena kumwalira. Amene amathandizika kwambiri ndi achikulire, a shuga ndi a BP. Mphamvu yake imachepa pakapita miyezi, n'chifukwa chake pali booster.

Ndiye musamati, "Ine ndili ndi Yesu, katemera wa chani?" Hezekiya nayenso anali ndi Mulungu, abale anga!

Sabata ino perekezani amayi kapena agogo ku kiliniki, mukafunse anesi za katemera. Pitani mukupemphera.

Ambuye akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu. Ameni.