Tikamawerenga Mitu pa Bwalo: Mfundo Zofunika kwa Ife Ochemerera Mpira

Mpira ukatha ku Kamuzu Stadium, mkangano suthera pachipata. Umakwera nafe minibasi ya ku Ndirande ndi ya ku Bangwe, umagona nafe, n'kudzuka nafe Lolemba kuntchito ndi pamsika. Za zigoli timakambako pang'ono chabe, pakuti chigoli sichitsutsika. Chimene chimatiumitsa kukhosi ndi funso lina: kodi anadzaza bwalo ndani? Wa Maule, sapota wa Bullets, amalumbira kuti mbali zonse zinali psuu kufiira. Wa Manoma, sapota wa Wanderers, amayankha neba wake kuti nyerere zinali zosawerengeka. Kenako nkhani imakhotera ku mabwalo amene matimu awiriwa akuyembekezera, aliyense kunena kuti lawo lidzakula kuposa la mnzake. Mkangano umenewu ine ndimaukonda, ndipo sindikufuna kuti uthe. Koma tiyeni tikhale pansi, abale anga, tione zimene ukutiuza za ife eni.

1. Neba ndi m'bale wa bere limodzi. Wanderers inayamba m'chaka cha 1962. Bullets inabadwa mu 1967, ndipo amene anaiyambitsa anali osewera ochokera ku Wanderers komweko. Kuyambira kalekale matimu awiriwa akhala akulandirira alendo pa bwalo limodzi la Kamuzu ku Chichiri, bwalo la boma, lomwe si la Maule kapena la Manoma. Tsono tikamanyadira kuti tsiku la derby kunalibe poponda, tikunyadira chiyani? Kodi wa Bullets akanadzuka m'mamawa kukaima pamzere pakanapanda Noma yoti aigonjetse? Nanga wa Wanderers akanasiya geni yake tsiku lonse pakanapanda Maule? Khamu limene timalimbiranalo timalikoka tonse awiri. Zili ngati paukwati: akuchimuna ndi akuchikazi akhoza kupikisana pa perekaniperekani, koma mbale imene ikudzazayo ndi ya banja limodzi. Munthu wozindikira amathokoza mdani wabwino, chifukwa ndi amene amamutulutsa mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo.

2. Khamu ndi anthu, ndipo aliyense akudikiridwa kunyumba. Pano ndikufuna tichedwepo. Pa 6 Julaye 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, anthu miyandamiyanda anasonkhana pa Bingu National Stadium ku Lilongwe kuti akaonere Bullets ikusewera ndi Silver Strikers. Kulowa kunali kwaulere. Zipata zinachedwa kutsegulidwa, anthu anapanikizana, ndipo anthu 8 anamwalira, 7 mwa iwo anali ana. Bwalolo linali latsopano, lotsegulidwa mu Januwale chaka chomwecho, lamipando pafupifupi 41,000. Kukula kwake sikunapulumutse ana aja. Anzathu a ku South Africa anaona zoterezi mu 2001, pamene anthu 43 anafera pa Ellis Park tsiku la masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates. Ku Ghana chaka chomwecho anthu oposa 120 anafera pa bwalo la ku Accra, pamasewero a Hearts of Oak ndi Asante Kotoko. Onani kuti onsewa anali masewero a matimu okhala ndi otsatira ambiri, masewero amene masapota amanyadira nawo chiwerengero. Tikamanena mokondwa kuti anthu anachita kukwera pampanda, kuti ena analowa mothyola chipata, kodi timamva zimene pakamwa pathu pakunena? Munthu amene tikumutcha "mutu" powerengayo ndi mwana amene mayi ake anamuchapira malaya dzulo lake, ndi bambo amene wasiya ndalama ya ndiwo pathebulo n'kunena kuti abwera madzulo. Iwe amene uli kumbuyo pamzere ndipo ukukankha, sukuona amene ali kutsogolo, wopanikizidwa pachitsulo. Dzanja lako ukuliona lopepuka, koma likaphatikizana ndi manja chikwi limathyola nthiti. Khalidwe la sapota weniweni limayambira pamzere, mpira usanayambe: kufika msanga, kudikira, kupatsa njira mwana ndi mayi, kufuula kuti anthu abwerere m'mbuyo pamene waona wina wagwa. Bwalo lodzaza limene aliyense wabwerera kwawo wamoyo ndilo loyenera kulinyadira.

3. Walira mvula walira matope. Ambiri a ife timatsatiranso ligi ya ku England, ndipo mkangano womwewu timaupitiriza m'nyumba zoonetsera mpira. Wa Tottenham amakumbutsa wa Arsenal kuti bwalo lawo, lotsegulidwa mu 2019, limalowa anthu oposa 62,000, pamene Emirates, bwalo la Arsenal, limalowa oposa 60,000 pang'ono. Koma wa Arsenal wachikulire akudziwa mtengo wa mipando imeneyo. Timu yake inachoka ku Highbury, bwalo la anthu pafupifupi 38,000, mu 2006, itasenza ngongole yaikulu. Kwa zaka zingapo inkagulitsa osewera ake odalirika, ndipo kuchokera 2005 mpaka 2014 sinanyamule chikho chachikulu. Kuno kwathu phunziroli tinalilandira mwanjira ina. Bwalo la Bingu linamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, komabe mu 2021 timu yathu ya Flames inakasewerera masewero ake apakhomo ku Orlando Stadium, ku Johannesburg, chifukwa mabwalo athu sanakwaniritse zimene bungwe la CAF limafuna. Ku Kamuzu Stadium nako mbali zina zokhalapo anthu zinatsekedwa chifukwa chokalamba. Kumanga kumakhala ndi tsiku lake la nyimbo ndi magule. Kusamala kulibe mwambo, ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku: kuthirira kapinga, kukonza zimbudzi, kulipira magetsi, kumata mng'alu usanakule. Si mmene zililinso m'makomo mwathu? Timasirira nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi ya mnzathu, pamene denga la zipinda zathu ziwiri likudontha ndipo sitinakwerepo kukaona. Tisanapemphe chachikulu, tidzifunse ngati chaching'ono chimene tili nacho tachisunga bwino.

4. Tikiti yako ndi njerwa. Mu 2019 boma linalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo mumzinda wa Blantyre, ndipo ntchitoyo yakhala ikuyenda n'kuima. Kudandaula za kuchedwako ndi ufulu wathu, pakuti ndalamazo ndi misonkho yathu. Komatu pali mbali ina imene ili m'manja mwathu. Ndalama za pachipata ndizo zimagawidwa kwa matimu, kwa eni bwalo ndi kwa mabungwe oyendetsa mpira. Pamene tapatsa wapachipata kangachepe m'manja kuti atilowetse chozemba, pamene tagula tikiti yachinyengo tikudziwa, pamene tadumpha mpanda, thupi lathu lalowa m'bwalo koma timu sinalandire kanthu. Mawa lake ndife tomwe timadabwa kuti bwanji khamu lonse lija ndalama zake zachepa chonchi, ndiponso kuti bwanji osewera akudandaula za malipiro. Kodi tinganene kuti timakonda timu imene timaibera? Mnyamata amene wapereka ndalama yake yonse ya tikiti, yomwe anaipeza movutikira pokankha wilibala mumsika wa Limbe, waika njerwa yeniyeni pa tsogolo la timu yake, ngakhale dzina lake silidzalembedwa pakhoma lililonse.

5. Chikondi chimaoneka tsiku la mipando yopanda anthu. Pa derby aliyense amabwera, ngakhale amene sadziwa dzina la goloboyi. Koma Lachitatu masana, timu itagonja masewero atatu otsatizana, ndipo ikukumana ndi timu yongolowa kumene mu ligi, amabwera ndani? Nanga ikapita ku Karonga kapena ku Dwangwa? Kagulu kochepa kamene kamaimba tsiku lotero n'kamene osewera amakakumbukira akadzakalamba. Ganiziraninso za atsikana athu. Kwa zaka zambiri akhala akusewera pamabwalo afumbi, owaonerera ali owerengeka, komabe timu yawo ya dziko, Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo Tabitha ndi Temwa Chawinga dzina la Malawi alifikitsa kutali. Leicester City inatenga ligi ya ku England mu 2016 ikusewerera pa bwalo la anthu pafupifupi 32,000, losafika ngakhale theka la Old Trafford. Pamoyo zilinso chimodzimodzi. Paphwando anthu sasowa. Amene amabwera kuchipatala usiku atanyamula phala m'kontena ndi amene timawatcha abale.

6. Ana akumva zimene tikuimba. Bwalo ndi sukulu yopanda mphunzitsi woima kutsogolo. Mwana amene wakhala pamapewa a bambo ake amaphunzira kwa ife mmene munthu amasangalalira akapambana ndi mmene amapirira akagonja. Akationa tikugenda basi ya alendo, tikutukwana oyimbira masewero mpaka kutchula makolo awo, tikuthyola mipando imene mawa tidzafune kukhalapo, iye amaloweza zonsezo. Pali amayi ambiri ndi achikulire ambiri amene amakonda mpira koma anasiya kubwera ku bwalo chifukwa cha mantha ndi manyazi. Ngati tikufunadi kuposa neba pa chiwerengero, anthu amenewa ndiwo mipando yathu yopanda anthu, ndipo sadzabwerera chifukwa choti tawonjezera masitepe a simenti. Adzabwerera akadzamva kuti ku bwalo munthu amapita ndi banja lake n'kubwerako mwamtendere. Tsono derby ikubwerayi, m'bale wanga wa Maule, mlongo wanga wa Manoma, valani makaka anu, gulani tikiti pamalo oyenera, fikani dzuwa lisanakwere, ndipo mukaona mwana pamzere mugwireni dzanja mpaka alowe.