Ndine ndinawakakamiza

Bambo anga sankafuna opaleshoni. Kwa zaka zitatu chiuno chinkawapweteka moti ngakhale kuvala nsapato kunali kovuta, koma ankangoti, "Ndi ukalamba basi." Ndine ndinalimbikira. Ndinali nditawerenga za John Charnley, dokotala wa ku England amene mu 1962, pachipatala cha Wrightington, anayamba kuika anthu chiuno chochita kupanga, chapulasitiki ndi chitsulo. Ndinati, "Ababa, anzanu ambirimbiri akuyenda nacho." Anavomera chifukwa cha ine.

Patatha sabata ziwiri atachitidwa opaleshoni, mwendo unatupa, katumba n'kumatentha. Kenako anayamba kubanika. Magazi anali ataundana mumtsempha wamkati mwa mwendo, ndipo kachidutswa kanakatseka njira m'mapapo.

Adokotala anali atatichenjeza. Munthu akagona nthawi yaitali magazi amayenda pang'onopang'ono, komanso bala la opaleshoni limawachititsa kuundana msanga. N'chifukwa chake amapereka mankhwala ngati heparin kapena aspirin, n'kumudzutsa wodwala kuti ayambe kuyenda. Zonsezi anachita. Koma zinachitikabe.

Ndiye usiku uliwonse pabenchi ya kuchipatala ndinkadzifunsa: ndinalakwa?

Anzanga ankati ayi, sunadziwe. Zoona, koma mtima sunkamva. Akanachira bwinobwino, bwenzi abale akunditama kuti mwana wophunzira wathandiza. Maganizo anga anali omwewo, chikondi chomwecho. Chinasintha ndi kachidutswa ka magazi basi. Kodi ubwino wa munthu ungadalire mwayi chonchi?

Mu 1976 katswiri wa filosofi Bernard Williams analemba za nkhani imeneyi. Anapereka chitsanzo cha dalaivala wa lole amene wagunda mwana popanda kulakwitsa chilichonse. Mlandu alibe, komabe chisoni chake sichingafanane ndi cha munthu wongoonerera. Ndipo atangoti "si vuto langa" n'kumapita, tonse tingamudabwe.

Pamenepo m'pamene ndaima. Sindinalakwe, koma dzanja langa lilimo. Kudziimba mlandu kungakhale kunama, kusamba m'manja kungakhalenso kunama. Chomwe chatsala ndi udindo: kuwakumbutsa mankhwala, kuwaperekeza kusikelo, kuyenda nawo pang'onopang'ono madzulo.

Bambo anapulumuka. Tsiku lina tikuyenda ndinawapepesa. Anaima, n'kutsamira ndodo yawo.

"Fomu ija anasaina ndani?"

"Inuyo."

"Ndiye usandilande zanga. Iwe senza zako."