Mwana Ameneyu Ali ndi Atsibweni Ake

Nkhani zambiri zimafika kwathu kuno zitafupika. Zimanyamuka ku Blantyre kapena ku Lilongwe m'mawa, n'kudutsa pa wailesi, n'kudutsanso m'kamwa mwa anyamata a kabaza pa Nsaru, ndipo pomafika pakhonde madzulo zimakhala zatsala mawu awiri kapena atatu, ongokwanira kuti munthu aseke kapena apukuse mutu, kenako abwerere kukasankha fodya. Umu ndi mmene inafikira nkhani ya pa 28 June 2024, tsiku limene oweruza atatu a bwalo lalikulu ku Blantyre anagamula kuti malamulo oletsa amuna kugonana okhaokha sakusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Odandaula anali awiri, Jan Willem Akster wa ku Netherlands ndi Jana Gonani, Mmalawi wobadwa mwamuna koma wodziona kuti ndi mkazi, amene bwalo la ku Mangochi linamulamula mu December 2021 kukakhala kundende zaka 8. Oweruzawo anati amene akufuna kuti lamulo lisinthe apite ku Nyumba ya Malamulo. Ambiri kuno anati zakhala bwino, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kwa ine sinathe, Ambuye, chifukwa mtima wanga unkangobwerera pa zaka 14, chilango chachikulu chimene ndime 153 ya malamulo a milandu imapereka. Ndikaziyeza zaka zimenezi ndi moyo wa kuno, ndimapeza kuti mwana wobadwa lero adzakhala akulemba mayeso a sitandade 8, mango obzalidwa pakhomo adzakhala atabereka kambirimbiri, ndipo mayi amene lero akulima yekha munda wake adzakhala akuyendera ndodo, mwinanso tidzakhala titamuperekeza kale kumanda mwana wake asanatuluke.

Zaka zimenezi zinagwerapo anthu enieni. Pa 26 December 2009, ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, pamalo ogona alendo otchedwa Mankhoma, Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe pamaso pa anthu. Patangopita masiku awiri apolisi anawamanga, belo anawakaniza, ndipo pa 20 May 2010 woweruza Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawalamula kukagwira ntchito yakalavulagaga zaka 14, nanena kuti akufuna chilangocho chiopseze ena. Pa 29 May, mkulu wa United Nations Ban Ki-moon ali m'dziko muno, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, ngakhale ananenetsa kuti zimene anachitazo n'zosemphana ndi chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo athu. Awiriwo sanachedwe kusiyana, ndipo Tiwonge, amene anthu ankamutchula kuti Aunt Tiwo, anakapeza pothawira ku Cape Town.

Ine ndakhalapo nkhoswe wa ana a alongo anga, ndiye nkhani ya chinkhoswe sindiimva ngati wongodutsa. Ndikudziwa tsiku lachisangalalo lija, pamene akuchimuna amabwera ndi tambala, akuchikazi ndi msoti, mwamuna n'kulandira khasu ndi nkhwangwa, mkazi n'kulandira mthiko, chipande ndi lichero, amayi akululutira. Koma aliyense amene anagwirapo udindowu akudziwa kuti ntchito yake yeniyeni imayamba ng'oma zitaleka, usiku wina pamene mwana wa mlongo wako wagogoda pakhomo, katundu ali pamutu, mwana kumbuyo, maso atatupa. Nkhoswe amayitanidwa zinthu zikavuta. Ndipo samufunsa ngati ankagwirizana ndi zonse. Ndinaimirirapo ukwati umene mkamwini wake sankandisangalatsa, ndipo pamene anakangana ndinapitabe, chifukwa udindowo unali wanga.

N'chimodzimodzi kubwalo la mfumu. Mnyamata akagwidwa ndi mbuzi ya mwini, atsibweni ake amadzuka m'mamawa n'kukakhala pansi kumbuyo kwake. Kukhala pamenepo sikutanthauza kuti akunena kuti kuba n'kwabwino, ndipo mudzi wonse umadziwa zimenezo. Amamvetsera mlandu, amapepesa, amalipa chindapusa, ndipo akafika kunyumba amamudzudzula mnyamatayo mpaka misozi, koma samusiya yekha pamaso pa anthu. Akuluakulu anati chibale n'fupa, sichiwola, ndipo ndikamakula ndikuona kuti mwambiwu ankaunenera masiku ovuta ngati amenewa, pakuti pa masiku a mtendere chibale sichifuna wochikumbutsa.

Choncho ndikamva mayina aja pa wailesi, ndimapezeka ndikudzifunsa kanthu kakang'ono kamene oweruza sanafunsidwe, ndiponso si ntchito yawo kukafunsa: kodi munthu ameneyu atsibweni ake ali kuti? Pakuti alipo. Palibe amene anangomera m'tauni. Tiwonge anachokera ku Thyolo, kumudzi konga kwathu kuno, ndipo panali mayi amene anamuphikira phala, panali agogo amene anamupatsa dzina. Timakonda kunena kuti izi ndi za m'tauni, za azungu, zobwera ndi ndalama za mabungwe, ndipo kunena choncho kumatipatsa mpumulo chifukwa kumaika nkhaniyo kutali ndi Kabudula. Koma agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ankadziwa zimene zinkachitika m'makomboni a amuna okhaokha, ndipo olemba mbiri anazilemba. Ndiponso amene takhalitsa m'midzi tikukumbukira munthu wina amene sanakwatire moyo wake wonse, kapena anakwatira n'kusiya msanga, amene akuluakulu ankangoti ndi mmene anabadwira. Palibe amene anamufunsa za mumtima mwake. Ankalima nafe, ankabwera pamaliro, ndipo atamwalira adzukulu anamukumbira manda akuya mofanana ndi a wina aliyense.

Za ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha, Ambuye, Inu mukudziwa kuti mtima wanga sunafike pozilandira. Ndinakula ndikumva kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, kuti mbumba ikule, kuti munda ukhale ndi woulima tikapita, ndipo lamulo la maukwati la 2015 likunenanso chomwecho. Pa 13 July 2023, pamene atsogoleri a Katolika, a mipingo ina ndi a Chisilamu anayenda m'misewu ya m'mizinda yathu, Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa ali patsogolo ku Blantyre, anzanga ambiri a mumphakati anali nawo mtima umodzi, ndipo ndi anthu abwino amene ndimadya nawo mbale imodzi. Mu December chaka chomwecho, kalata itachoka ku Vatican yolola ansembe kupereka dalitso kwa anthu otere, maepiskopi athu sanachedwe kunena kuti ku Malawi kuno zimenezo sizichitika. Zonsezi ndinazimva, ndipo sindinadabwe nazo.

Koma pali chimene chimandisowetsa tulo. Mlandu unali kubwalo uja sunali wopempha ukwati. Unali wa ndende, wofunsa ngati akuluakulu awiri ogwirizana, atadzitsekera m'nyumba, ayenera kumangidwa. Ndipo Papa Francis, mu January 2023, ananena kuti kukhala munthu wotere si mlandu ndiponso kuti malamulo omanga anthuwa ndi osalungama, ngakhale chiphunzitso cha mpingo pa ukwati sanachisinthe. Ndimazitembenuza zimenezi mumtima, ndipo ndimaona kuti ifenso kuno timadziwa kusiyanitsa tchimo ndi mlandu wa kupolisi. Wachigololo mpingo umamuletsa kulandira, mfumu imamulipitsa, akazi ake amamukwiyira miyezi, koma palibe amene amapempha kuti akakhale ku Maula zaka 14. Woledzera amene wamwera ndalama zonse za fodya timamudandaula, timamupempherera, timathandiza ana ake. Nanga n'chifukwa chiyani pa nkhani iyi yokha timafuna unyolo? Mwina pali chifukwa chimene anzanga akuchiona bwino kuposa ine. Mwinanso ndi mantha, ndipo mantha ndimawadziwa chifukwa nanenso ndili nawo.

Timati tikuteteza chikhalidwe, ndipo ndimakhulupirira kuti onena choncho amanena kuchokera pansi pa mtima. Komabe ndime zimene timamangira anthuzi zinalembedwa ndi atsamunda a ku Britain cha m'ma 1930, ndipo eni ake ku England anayamba kuzichotsa mu 1967. Kuseri kwa mapiri a Dzalanyama kuli Mozambique, kumene kuli Achewa anzathu a ku Tete, ovina gule yemweyu, amene timakumana nawo ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ndipo dziko lawo linachotsa lamulo lotere mu 2015. Ku Zambia, ukadutsa Mchinji, amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anawalamula zaka 15 mu 2019, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira chaka chotsatira. Mtundu ndi umodzi, ankhoswe ndi amodzimodzi, koma malamulo ndi atatu, ndipo sindinganene kuti Mchewa wa ku Tete wataya mwambo chifukwa boma lake silimanga anthu amenewa. Boma lathu lomwe lakhala likukayikakayika. Pulezidenti Joyce Banda mu 2012 ananena zofuna kuchotsa malamulowa, nduna ya zachilungamo Samuel Tembenu mu December 2015 inati ayambe aima, ndipo bwalo la ku Mzuzu mu 2016 linati apitirire kugwira ntchito. Ndondomeko za boma zolimbana ndi Edzi zimawerengera amuna amenewa m'gulu la ofunika kuwafikira ndi mankhwala, pamene buku la milandu likuwadikirira ndi ndende, ndiye wodwala amagona kunyumba akulingalira kuti mwa ziwirizi akumana ndi chiti.

Pa 26 June 2021 kagulu kochepa kanayenda m'misewu ya Lilongwe, motsogozedwa ndi bungwe la Nyasa Rainbow Alliance, ndipo aka kanali koyamba kuti ulendo wotere uchitike m'dziko muno. Ananyamula mbendera ya utawaleza, imene Gilbert Baker anaipanga ku San Francisco mu 1978. Akhristu ena zimawawawa kuona chizindikiro cha pangano la Nowa chili m'manja mwa anthu amenewa, ndipo kuwawa kwawo ndimakumvetsa. Koma ndikaiganizira nkhani ya chigumula ija, ndimakumbukira kuti lonjezo lanu losawononganso dziko ndi madzi munalipereka kwa zamoyo zonse, osasankha, ndipo munalipereka mukudziwa bwino mmene mtima wa munthu ulili.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa ulendo umenewo n'chakuti ambiri anali ataphimba nkhope. Inali nthawi ya Covid, zoona, koma ndikaganiza mofatsa ndimaona kuti nsaluzo zinali ndi ntchito inanso. Kodi ankabisalira ndani? Ndikuganiza kuti ankabisalira ife. Ankaopa kuti chithunzi chiyenda pa WhatsApp mpaka chifike pa Mpingu kapena pa Nambuma, m'manja mwa atsibweni amene adzati dzina lake lisatchulidwenso pakhomo pano. Mwina mmodzi mwa iwo ndi amene amatumiza ndalama ya feteleza pafoni mwezi wa November, amene analipirira mng'ono wake sukulu, amene timamuyamikira tikamadya chimanga chatsopano, ndipo akudziwa kuti kuyamikira konseko kungathe tsiku limodzi. Ngati mwana angaope kwambiri anthu amene anaikidwa kuti azimuimirira kusiyana ndi mmene angaopere apolisi, ndiye kuti pali chinthu chimene chasokonekera kumbali yathu, ngakhale titanena kuti iyenso walakwa kumbali yake.

Nthawi zina ndimayerekeza kuti tsikulo lafika pakhomo panga. Kunja kusanache mlongo wanga wagogoda, wakhala pansi pafupi ndi chitseko, ndipo akulankhula motsitsa mawu kuti oyandikana nawo asamve: "Achimwene, mwana wanu uja amugwira ku Lilongwe." Ndikumufunsa mlandu wake, ndipo akuyang'ana pansi nthawi yaitali asanautchule. Pamenepo sipadzakhala oweruza atatu, sipadzakhala maepiskopi kapena mabungwe, padzangokhala ine ndi mlongo wanga amene tinayamwa bere limodzi, ndi mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira khasu. Ndikudziwa mawu amene angabwere msanga pakamwa panga, oti wandichititsa manyazi, oti adzionere yekha. Ndikudziwanso kuti mawu amenewo sindinawanene pamene mwana wina anaba, kapena pamene wina anapereka mimba kwa mwana wasukulu, ngakhale zimenezo zinapweteka anthu ena moonekeratu.

Sindikupempha kuti mundimasulire zonse usiku uno, Ambuye. Funso la ukwati mwina ndidzafa nalo lisanayankhidwe, ndipo a ku Nyumba ya Malamulo adzachita zimene adzachite pa nthawi yawo. Koma Mwana wanu anaika kuyendera am'ndende pamodzi ndi kudyetsa anjala ndi kuona odwala, ndipo sanawonjezerepo kuti tiyambe tafufuza mlandu wake. Ndiye chimene ndikupempha n'chochepa. Tsikulo likadzafika, ndidzauze mlongo wanga kuti akonze ufa, nyemba ndi sopo, ndidzakwere minibasi ya ku Lilongwe mafunso anga onse ndili nawobe, ndikakhale pansi pamaso pa mwanayo, ayambe ndiye kulankhula ine ndikumvetsera. Ndipo anzanga a mumphakati akadzandifunsa kumene ndinapita, mundipatse mphamvu yowauza zoona.