Kodi Walakwa Ndani?

Tsiku lina Lamulungu, Misa itatha pa katchalitchi kena kufupi ndi Thambani, mayi wina adatsalira m'mbuyo, khanda lili kumsana. Anzake atabalalika, adamasula chitenje nandiwonetsa mapazi a mwanayo: onse awiri adali okhotera m'kati. "Bambo Mfumu," adatero motsitsa mawu, "apongozi akuti ndidaseka wolumala ndili ndi pakati. Bambo a mwanayu akuti kumtundu kwawo kulibe zotere, ndipo adanyamula bulangete lawo nkumapita. Kodi ine ndidalakwanji?"

Funso limeneli ndi lakalekale. Ngakhale ophunzira a Ambuye adalifunsa ataona munthu wobadwa wosapenya, monga timawerengera pa mutu 9 wa Mthenga wa Yohane, ndipo Ambuye adakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake. Komabe ife tikali kufunafuna wolakwa: mfiti, mdulo, dzira limene mayi adadya. Abale anga, pali mafunso awiri amene timawasokoneza. Lina nlakuti, chachititsa nchiyani? Linzake nlakuti, walakwa ndani?

Pa funso loyambalo madokotala apeza zambiri. Ziwalo za mwana zimaumbika m'masabata oyambirira, ndipo njira ya msana ndi ubongo imatsekeka pomakwana masiku 28, mayi asanadziwe nkomwe kuti waima. Thupi likasowa vitamini yotchedwa folic acid pa nthawi imeneyi, msana wa mwana ungathe kutsala wotseguka. Mu 1991 kafukufuku wotsogozedwa ndi madokotala a ku Britain adaonetsa kuti, mwa amayi amene adaberekapo mwana wotere, mapiritsi a vitaminiyi adachepetsa vutoli ndi magawo 7 mwa 10. Vitamini yomweyi imapezeka mu nandolo, nyemba, bonongwe, ndiponso m'manachesi amene ife a ku Mwanza timaunjika m'mbali mwa msewu wa ku Zobue kudikira ogula, mayi wapakati kunyumba asanalaweko ngakhale limodzi.

Matenda nawonso amalowa m'mimba. Mu 1941 dokotala wa maso wa ku Australia, Norman Gregg, adazindikira kuti amayi amene adadwala chikuku cha rubella ali ndi pakati adabereka ana a ng'ala m'maso. Nthendayi imagonthetsanso makutu ndi kuwononga mtima. Katemera wake adayamba kuperekedwa kuno ku Malawi mu 2017. Chindoko chimapha kapena kulumaza mwana, chonsecho chimapezeka poyeza magazi kusikelo ndipo chimachizika ndi jekeseni ya penisilini. Kusowa mchere wa ayodini kumafooketsa ubongo wa mwana, monganso amachitira kachasu. Ngakhale mankhwala a m'botolo angathe kuvulaza: pakati pa 1957 ndi 1961, mapiritsi a thalidomide, amene amayi a ku Ulaya ndi maiko ena ankamwa poletsa mseru, adalumaza ana oposa 10,000.

Zina zimachokera m'mbewu ya makolo popanda munthu kuchitapo kanthu. Mu 1959 ku Paris adapeza kuti mwana wa Down syndrome amakhala ndi makromozomu 47 m'malo mwa 46. Mwana wachialubino amatengera kwa bambo ndi mayi omwe, ngakhale onsewo akhale a khungu lakuda; kotero bambo wonena kuti kwawo kulibe zotere anganamize anthu, koma magazi ake sangawanamize. Ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, limanena kuti pafupifupi theka la zilema zobadwa nazo sizilozeka chiyambi chake. Mapazi okhota aja kawirikawiri amakhala m'gulu limeneli.

Tsono wina angafunse: "Ngati kachasu ndi chindoko zimalumaza mwana, kodi pamenepo wolakwa palibe?" Tisazembe funsoli. Bambo amene atengera chindoko kunyumba nakana kukayezetsa, kapena amene amwera ndalama zonse za nandolo mkazi wake nasowa yokwerera kupita kusikelo, ali ndi choti ayankhe pamaso pa Mulungu ndi pa banja lake. Koma tiyang'anitsitse pamene pagona kulakwa kwake: pa kunyalanyaza chimene akadatha kuchita. Mwana wobadwayo si chilango chake, kapena cha mkazi wake. Munthu saimbidwa mlandu pa chinthu chimene sadachidziwe kapena sakadatha kuchiletsa, ndipo mayi wa masiku 28 aja adalibe podziwira.

Nchifukwa chake nzeru za madokotalazi tiyenera kuzigwira bwino. Tikazisandutsa chikwapu chatsopano, kuti amene kale tinkamuti waseka wolumala lero tizimuti sadamwe mapiritsi, ndiye kuti tangosintha mawu, mtima uli womwewo. Nzeruzi zidabwera kuti ziteteze mwana amene sanabadwe ndi kuthandiza amene wabadwa kale. Pa bwalo lofunafuna wolakwa masabata amangopita, pamene mafupa a khanda ali kukhwima.

Makolo athu adati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Lero tidziwa kuti nthawi zina chimadza mwana asanaone dzuwa, koma phunziro la mwambiwo silidasinthe: palibe nyumba imene ingalumbire kuti chimenechi sichidzafika pakhomo pake.

Mayi uja ndidamuuza kuti sadalakwe, ndiponso kuti mapazi otere amawongoka akafulumira nawo. Amawamanga ndi chikhakha chosinthidwa sabata ndi sabata, mwa njira ya Ponseti, imene chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chotsegulidwa mu 2002, chidathandiza kufalitsa m'dziko muno. Akhristu a mphakati wake adasonkha ndalama ya basi, ndipo agogo ena adadzipereka kumperekeza. Bambo a mwanayo sadabwerebe. Ngati magazini ino ingawapeze kumene ali, adziwe kuti mwana wawo wayamba kuimirira, ndipo nkhope yake ndi yawo yomwe.