Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Mwezi watha, pa mwambo wa chinkhoswe kuno ku Katete, bambo wina anadandaula kwa ola lathunthu kuti makatuni a azungu atilanda ana, sadziwanso za Kalulu ndi Fisi. Nditawafunsa kuti adzukulu awo anawasimbira liti nthano, anangoti, "Aa, nthawi ili kuti?" Ndinapsa mtima. Munthu m'mimba mukupota, koma wakhala pamphasa kudikira kuti woyandikana naye nyumba adzamutsekulire.

Malenga Mulendema wa ku Lusaka naye anakula akuonera makatuni opanda mwana wofanana naye. Iye sanadandaulire pachinkhoswe. Analemba nthano yake, mu 2015 inasankhidwa pa mpikisano wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, ndipo mu 2023 inatuluka pa Netflix ndi dzina lakuti Supa Team 4: atsikana anayi a sukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, opulumutsa mzinda wa Lusaka motsogozedwa ndi mayi wachikulire, Mama K. Zaka 8 akukankha chitseko chimodzi.

Ndinaionera pafoni ndi mwana wa mlongo wanga, mitu itagundana. Sizinali ndewu zimene zinamukoka. Anafa nazo nseko poona Temwe, amene mtima wake uli pa chakudya ngakhale zinthu zitavuta. "Malume, uyu ndi Tisa wa m'kalasi mwathu!" Apo ndi pamene olemba ambiri timagwa. Timalemba ana angelo, omvera, osadziwa njala, kenako n'kumata phunziro kumapeto ngati chigamba. Mwana amatsata munthu amene ali ndi kachilema kodziwika. Agogo ankadziwa zimenezi. Fisi wawo anali wadyera, ndipo tinkayankha "tili tonse" mpaka nkhuni kutha.

Ndivomere, monyinyirika: chitseko china n'cholemera. Makatuni amafuna ndalama zimene mlimi wa ku Sinda kapena Vubwi sangazipeze pa mtedza, atsikana aja amalankhula kwambiri Chingerezi, ndipo mabandulo amatha filimu isanafike pakati. Koma kope ndi cholembera sizifuna Netflix. Chaka ndi chaka mu Ogasiti Achewa a mayiko atatu amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba, nkhani zili mbwee, ndipo bambo aja amakhalako, kutsogolo penipeni, akujambula ndi foni.